Sutikesi ya aNyaLongwe Siilowa M'manda

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1970 kuno ku Tukombo, m'nyumba ya udzu imene inali pomwe pali mtengo wa mango uwo mwatsamiritsapo njinga zanu. Dzina lawo ndi Dokotala Nellie Longwe. Ambiri munkawatchula kuti aNyaLongwe, ndipo ena mukakhala kuseri munkawatchula mayina amene sindingawabwereze pamaso pa abusa. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu a bambo Timothy Longwe ndi mayi Elube aNyaMhone, amene onse awiri anatsogola kale. Ine ndaima panone ndine Stanley Longwe, mlongo wawo wamkulu, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndiyankhula Chichewa osati Chitonga chifukwa pabwera alendo ochokera ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo ndikufuna kuti nawonso amve zonse, zokoma ndi zochititsa manyazi zomwe.

Akuluakulu a banja anandipatsa kapepala ka mizere khumi kuti ndiwerenge. Ndakapinda, kali m'thumba umu. Nonse mukuiona sutikesi yakuda imene yaikidwa kumiyendo kwa bokosi la malemu. Dzulo akuluakulu anagamula kuti ilowe m'manda pamodzi ndi mwini wake, ati muli zithumwa, ndipo adzukulu anenetsa kuti sagwira chingwe kapena fosholo ngati sutikesiyo itsala kunja. M'menemo muli magalasi khumi ndi awiri ndi makope asanu ndi anayi a ntchito ya moyo wawo. Tsono mundilole ndiwerenge mbiri yonse, kuti amene akufuna kukwirira ayambe adziwa chimene akukwirira.

Malemu anayamba sukulu ya pulaimale m'chaka cha 1977 konkuno. Bambo athu anali siginala, munthu amene amakhala m'bwato la nyali kukopa usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira, ndipo ntchito yopukuta magalasi a nyali za parafini inali yanga. Ndinali waulesi, ndinawasiyira malemuwa. Ali Sitandade 6 anafunsa bambo chifukwa chimene amathera parafini kuunikira kumwamba pamene usipa uli m'madzi. Bambo anangoseka. Mawa lake anapeza mwana wawo atang'amba chitini cha mafuta ophikira, atachikwecha ndi mchenga mpaka kunyezimira, n'kuchiveka nyali ngati chipewa kuti kuwala kuzibwerera pansi. Anakwapulidwa ndithu, chifukwa m'chitinimo mafuta anali asanathe. Koma chipewacho bambo sanachivule panyali mpaka pamene anasiya kupita panyanja.

M'chaka cha 1985 anasankhidwa kupita ku sukulu ya sekondale ya atsikana ku Mzuzu. Achibale ena anauza bambo kuti kuphunzitsa mwana wamkazi n'kulima munda wa eni. Ena mwa iwo akali moyo, akhala pamipando yakutsogolo. Malemu anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, anapita ku yunivesite ku Zomba, ndipo anamaliza digiri yawo ya Fizikisi mu 1994, chaka chimene tinavotera zipani zambiri. Kuyambira chaka chomwecho mpaka 2002 anaphunzitsa sayansi m'sukulu za sekondale m'boma lathu lino la Nkhata Bay.

Pa 16 Ogasiti 1997 anamanga banja ndi a Gresham Manda, telala wa pa Chintheche. Anthu sanachedwe kutsegula pakamwa, ati munthu wa digiri angakwatiwe bwanji ndi wopalasa makina pakhonde la sitolo. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Tumbikani mu 1998 ndi Lusizi mu 2001. Mu 2003 malemu anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Scotland. A Manda anatsala ndi ana, kuwaphikira, kuwasambitsa, Lusizi ali kumsana iwo akusoka mayunifolomu. Apanso pakamwa panatseguka, ati mwamunayo anadyetsedwa. Ine alamu angawo ndinkawadziwa bwino. Sanadyetsedwe kanthu, anali munthu wanzeru amene anadziwa mtundu wa mkazi amene anakwatira.

Apa ndikupempha mutchere khutu, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Zimene malemu anakaphunzira ndi nyali za mtundu wotchedwa OLED. Si babu ayi. Ndi kagalasi kafulati kopakidwa timiyalo ta utoto wapadera, topyapyala kuposa tsitsi la khanda, ndipo magetsi akadutsamo galasi lonse limayaka osawotcha dzanja. Enanu muli nazo nyalizi, ndi nkhope za mafoni odulawo amene mwakhala mukujambulira bokosi la malemu kuyambira m'mawa. M'manja mwanu si ufiti, koma m'manja mwa mwana wa ku Tukombo wasanduka ufiti!

Malemu anandifotokozera kuti vuto la nyali zimenezi ndi lakuti, mwa magawo asanu a kuwala kumene kumapangika m'katimo, gawo limodzi lokha ndi limene limatuluka. Magawo anayi amangogundagunda m'kati mpaka kuzilala, batire n'kumathera kuwala kumene palibe akukuona. Galasi likasalala kwambiri limatsekera kuwala. Koma ukaliphimba ndi kachikopa kokhala ndi timibulu tosaoneka ndi maso, kuwala kumabalalika n'kupeza potulukira. Ntchito yawo inali kufunafuna kachikopa kabwino koposa, kuti nyali iziwala kwambiri koma izidya batire pang'ono. Anandiuzanso kuti mdani wamkulu wa nyalizi ndi chinyontho. Madzi akangolowa m'mphepete, utoto uja umafa, pagalasi pamabuka madontho akuda amene amakula mpaka nyali yonse kuthima.

Analandira digiri ya udokotala wa sayansi mu 2007, ndipo kuyambira 2008 mpaka 2016 anagwira ntchito yofufuza pa kampani ina ku Germany. Ankabwera kudzaona banja, ndipo sukulu ya ana a achibale ambiri pano inayenda ndi thukuta lawo. Nthawi imeneyo palibe ananena kuti chithandizocho chikununkha ufiti.

Pa 3 Novembala 2016 a Manda anamwalira ndi matenda a shuga. Malemu anasiya ntchito, ndipo mu Epulo 2017 anabwerera kwawo kudzakhala ndi ana. Kwathu kuno tinazolowera kuti munthu akachoka kunja amabwera ndi galimoto, injini ya boti, malata, ngakhale wailesi yaikulu yoti mudzi wonse uimve. Iwo anatsika minibasi ndi sutikesi iyi. Munali magalasi khumi ndi awiri amene akuntchito kwawo anawapatsa potsanzikana, kachipangizo koyezera kuwala, ndi makope. Sabata isanathe miseche inali itafika ku Kande. Ena ati anakalephera, ena ati mutu unasokonekera ndi sukulu, ndipo ena, opanda ndi manyazi omwe, ati anapereka mwamuna wawo kuti nzeru zichuluke. Mayi woferedwa, misozi isanaume, munamunenera zimenezo.

Chimene anabwerera nacho mumtima ndi ichi. Kachikopa kotulutsa kuwala kaja kunjako amakapanga ndi zipangizo zodula. Iwo ankafuna kukapanga ndi zathu zomwezi, kuti tsiku lina mwana wowerenga kapena msodzi adzakhale ndi nyali yowala bwino pa batire laling'ono. Ankapita kumene amayi amaviika chinangwa cha kondowole, n'kumatenga zoyera zimene zimadikha pansi pa madzi. Ankasinja mchenga woyera wa ku Kande, kuusefa pansalu kanayi, kuusakaniza ndi phala la chinangwalo, kupaka pagalasi, kuumitsa, kuyeza kuwala, kulemba. Chikasweka, ankayambanso. Chikachita nkhungu, ankayambanso. Amayi ena ankaseka, ati Dokotala wa ku Ulaya akuseweretsa madzi a chinangwa ngati mwana. Iwo ankaseka nawo n'kuwapempha kuti mawa awasungirenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: anayesa maulendo oposa mazana anayi m'zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu Seputembala 2023 anandionetsa manambala m'kope lachisanu ndi chitatu, kuti galasi lokutidwa ndi kachikopa kawo likuwala kuposa linzake ndi theka, pa batire lomwelo. Tsiku limenelo anaimba nyimbo ya m'buku akutsuka mbale, chonsecho mawu oimbira sanapatsidwe.

Sutikesiyo ili ndi mphira pachivundikiro kuti mpweya usalowe, ndipo m'kati ankaikamo timapaketi toyamwa chinyontho. Ankaitsegula masana okhaokha dzuwa likuswa mtengo. Nyengo yamvula sankaitsegula, ndipo sankalola munthu kuyandikira ndi manja onyowa. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja akudziwa mmene mchere umalirira m'botolo mwezi wa Febuluwale. Chifukwa chake chinali chomwecho basi. Koma ife tinati sutikesi yoopa madzi, yotsegulidwa pa nthawi yake, muli chinthu chamoyo. Pa anthu nonse munkanong'ona, ndi ndani anagogoda pakhomo n'kufunsa? Palibe. Safunsa anadya phula, koma phula ili tadyetsa munthu wosalakwa.

Asodzi munkabwera ndi mababu anu a batire. Ankakukonzerani zobwezera kuwala m'madzi, kukusinthirani mawaya, batire n'kumafika nalo m'bandakucha. Sanakulipiritseni ngakhale kambale ka usipa. Mukachoka apo munkakauzana pagombe kuti mwakakhwimitsa nyali kwa aNyaLongwe. Loweruka lililonse ankaphunzitsa ana a Fomu 4 sayansi pakhonde pawo mwaulere, ndipo makolo ena munaletsa ana anu kuti angakawadyetse nyama ya anthu. Amene sanaletsedwe, atatu ali ku yunivesite lero.

Malemu anayamba kudandaula m'mimba mu Okutobala 2023. Mu Januwale 2024 madokotala anapeza khansa, ndipo ananena poyera kuti inali itayamba kalekale. Pa 6 Febuluwale anagonekedwa pa chipatala chachikulu ku Mzuzu, Lusizi atasiya kaye sukulu kuti aziwadikirira. Ponyamuka anandisiyira kiyi wa sutikesi, n'kundiuza kuti isatsegulidwe mpaka mvula itatha.

Pa 15 Febuluwale kunyumba kwanga kunafika asibweni athu a Alufeyo, mlongo wawo wa mayi athu, ali ndi munthu wina wodzitcha mneneri, dzina lake Amosi. Mneneriyo anati waonetsedwa kuti matenda a mlongo wanga ali m'sutikesi, ndipo ngati zimene zili m'katimo sizisambitsidwa, ku Mzuzu kubwera mtembo. Ndinakana tsiku loyamba. Ndinakana lachiwiri. Lachitatu Lusizi anaimba foni kuti amayi ake akulephera kumeza ngakhale madzi, ndipo asibweni anandiloza chala kuti munthu akafa, imfayo idzakhala pamutu panga. Mutu waukulu sulewa nkhonya, ndiye sindibisa. Kiyi ndinapereka ndine. Ine Stanley Longwe, amene ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi chimodzi, amene ndinauzidwa ndi mwini wake kuti madzi ndi mdani, ndinachita mantha ndipo ndinapereka kiyi.

Kunja mvula ikugwa, anatsegula sutikesi. Anathira madzi m'beseni lochapira, anaikamo mchere, n'kuviikamo magalasi onse khumi ndi awiri, akuimba ndi kuwomba m'manja. Ndinaona ndi maso angawa kachikopa ka zaka zisanu ndi chimodzi kakusungunuka ngati phala la mwana. Makope anapulumuka chifukwa mneneriyo anati amenewo ndi a moto, adzawawotcha tsiku lina akadzasala kudya, ndipo ine ndinawabisa. Mneneriyo anachoka atakoka mbuzi ya asibweni ngati malipiro ake. Lero sindikumuona pano. Anali ndi masomphenya a matenda, koma a tsiku la maliro sanaonetsedwe.

Pa 5 Malichi malemu anatulutsidwa m'chipatala kuti azikamwera mankhwala kunyumba. Asanakhale pansi anafunsa za sutikesi. Ndinawauza zonse nditagwada. Anapempha batire, analumikiza galasi loyamba, ndipo linayaka lili ndi madontho akuda. Lachiwiri chimodzimodzi. Anayi sanayake n'komwe. Amene anasuzumira pawindo anathamanga kukalengeza kuti mneneri ananena zoona, mdima wa aNyaLongwe wayamba kutuluka. Munthu mwamuwonongera ntchito ndi manja anu, kenako chilonda chimene mwachekacho mwachisandutsa umboni womuimbira mlandu. Nkhanza zoposa apa ine sindinazionepo.

Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira. Sanatero. Anangondiuza kuti madzi akatayika sawoleka, n'kupempha rula, pensulo ndi kope lachisanu ndi chinayi. M'mawa uliwonse, atatsamira pilo, ankayatsa magalasi otsalawo n'kumayeza kukula kwa madontho aja, kulemba tsiku ndi nambala. Ankati ngakhale nyali imene ikufa ili ndi chophunzitsa, ndipo wodzabwera pambuyo adzafuna kudziwa kuti chinyontho cha kuno chimapha msanga bwanji. Anachita zimenezi masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Pa 24 Malichi galasi lomaliza linathima, iwo analemba tsikulo n'kutseka kope.

Pa 28 Malichi anaitanitsa abusa athu ndi akulu a mpingo awiri, ndipo pamaso pawo ananena kuti sutikesi ndi zonse zili m'katimo ndi za Lusizi, amene akuphunzira Fizikisi ku Zomba, kuti adzayambire pamene iwo asiyira. Abusa muli pano, ngati ndikunama mundidzudzule. Malemu anatisiya pa 2 Epulo 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'nyumba mwawo, ali ndi zaka 53. Sindinama kuti madzi a m'beseni aja ndiwo anawapha. Inawapha ndi khansa, kalata ya dokotala ndili nayo. Koma mwezi wawo womaliza, umene akanakhala akulongosolera mwana wawo ntchito, anautha akuyeza zimene ife tinawononga.

Malemu asiya ana awiri, Tumbikani ndi Lusizi Manda, mpongozi mmodzi ndi mdzukulu mmodzi. Asiya ife abale awo atatu, pakuti mng'ono wathu wotsiriza anatsogola mu 2009. Asiya asibweni awo a Alufeyo, amene ndikudziwa kuti anachita zimene anachita pofuna kupulumutsa mwana wa mlongo wawo, monganso ine. Koma asibweni, kulakwa kamodzi chifukwa cha mantha n'kwina, kubwereza dala pamanda n'kwinanso.

M'malo mwa banja la a Longwe ndi la a Manda, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Mzuzu ndi a ku Chintheche amene anawasamalira. Ndikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, makamaka amayi a chigwirizano amene ankabwera kudzawasambitsa ndi kuwaimbira pamene ena ankalambalala nyumbayi. Ndikuthokoza mafumu, aphunzitsi anzawo akale, alendo a ku yunivesite amene mwayenda ulendo wautali, anzake a Tumbikani a kuntchito kwake ku loji ya ku Kande amene mwathandiza ndi galimoto ndi matenti, amayi amene muli kumaphikiro, ndi aliyense wabwera ndi nkhuni, ufa kapena ndiwo. Yewu ukongwa, Mulungu akubwezereni. Adzukulu, inunso ndikukuthokozani. Mwakumba kuyambira m'mamawa m'dothi lamiyala, ndipo ntchito yanu ndimailemekeza.

Tsono za sutikesi. Ikalowa m'manda, ndiye kuti tonse tasaina kuti m'bokosi umu mwagona mfiti, ndipo Tumbikani ndi Lusizi adzayenda ndi dzina limenelo mpaka kufa. Ikalowa m'manda, ndiye kuti mawu a mwini wake pamaso pa abusa tawaponda, ndipo zaka zonse zija zaola ndi chiswe. Kiyi ndinapereka kamodzi, sindiperekanso. Lusizi mwanangu, dzuka, nyamula sutikesi ya amayi ako, ukakhale nayo pafupi ndi abusa. Amene akuti muli zithumwa abwere poyera pano, timutsegulira kope lililonse limene asankhe, awerenge mokweza tonse timve.

Adzukulu, mukafewa mtima n'kuwaika malemu monga mumaikira aliyense, tidzakuthokozani moyo wathu wonse. Mukakana, sitikangana nanu pamaliro. Ndikudziwa kuti mwambo sulola mwini maliro kugwira chingwe kapena fosholo pamanda a m'bale wake, ndipo ndamva zimene amati zimamuchitikira wotero. Ndili ndi zaka 62, ndavomera. Mlongo wanga sagona kunja. Tumbikani wavomera kugwira nane. Koma zingwe zotsitsira bokosi ndi ziwiri, zimafuna anthu anayi, ndipo ife tilipo awiri.

Mzimu wa Dokotala Nellie Longwe, aNyaLongwe, uuse mumtendere umene ife abale awo tinawamana ali moyo.

Abusa, mbiri yathera pamenepa. Pakhamu lonseli tikudikira anthu awiri.